Musanalipire sukulu ya ndege, yambani mwaonana ndi dokotala

Msewu wotsika ku Zomba kupita ku doko la Kachulu umadutsa kufupi ndi Airwing, kumene kuli bwalo la ndege la asilikali, motero ana a m'midzi ya kunyanja ya Chilwa amakula akuudziwa mkokomo wa ndege. Ambiri amangoloza kumwamba n'kupitiriza masewera. Koma alipo ochepa amene mtima wawo umakakamira komweko. Mu Marichi 2017 ndege ya Malawian Airlines inanyamuka ku Blantyre kupita ku Dar es Salaam oyendetsa ake ali amayi okhaokha, motsogozedwa ndi Kaputeni Yolanda Kaunda. Chichitikireni zimenezo, mwana wa msodzi wa matemba akanena kuti adzayendetsa ndege, palibenso chifukwa chomuseka.

Anthu akamakamba za loto limeneli amathamangira nkhani ya ndalama ndi masamu, ndipo salakwa, chifukwa maphunziro ake ndi okwera mtengo kwambiri. Koma pali khomo lina limene munthu amayamba wadutsa asanaloledwe kuuluka yekha ngakhale kamodzi: kuyezedwa m'thupi ndi dokotala wa za ndege. Pa khomo limeneli ndi pamene pali mphekesera zambiri. Ena amati wovala magalasi sangayendetse ndege. Ena amati wakumwa ma ARV asadzivute n'komwe. Enanso, poopa kukanidwa, amabisa matenda awo. Zambiri mwa mphekeserazi n'zabodza, ndipo pa zonsezi chimene chimaphadi loto la munthu ndicho kubisako.

Lamulo lake limachokera kuti

Malamulo a za ndege safanana ndi a pamsewu, amene dziko lililonse limapanga mwa lokha. Ndege imadutsa malire m'mphindi zochepa: wonyamuka ku Zomba n'kulunjika kum'mawa, akangowoloka nyanja ya Chilwa ali kale m'dziko la Mozambique. N'chifukwa chake mu 1944 mayiko anasainirana pangano mumzinda wa Chicago, limene linabala bungwe la ICAO, lomwe likulu lake lili ku Montreal. Bungweli, limene lili ndi mayiko 193 kuphatikizapo Malawi, ndi limene limaika mlingo wa thanzi umene woyendetsa ndege aliyense ayenera kufika. Dziko lili ndi ufulu wokhwimitsa mlingowo m'malamulo ake. Kuno kwathu, lamulo la za ndege la 2017 linakhazikitsa bungwe la Malawi Civil Aviation Authority kuti litenge ntchito yoyang'anira za ndege ndi kupereka malaisensi, imene kale inali m'manja mwa nthambi ya boma ya Civil Aviation.

Ziphaso za thanzi zilipo za magulu atatu. Class 1 ndi cha amene amayendetsa ndege ngati ntchito yolipidwa. Class 3 ndi cha amene amakhala m'nsanja ya pa bwalo n'kumalondolera ndege, ngati ku Chileka kapena ku Kamuzu International Airport. Chapakati, Class 2, ndicho cha wophunzira ndi cha mwini laisensi ya payekha, imene anthu a ntchitoyi amangoti PPL. Laisensi imeneyi imalola munthu kuyendetsa ndege yaing'ono, kunyamula abale ndi anzake, koma osati kulandira malipiro. Amaipeza ndi munthu wa zaka zosachepera 17 amene wauluka maola pafupifupi 40, ena mwa iwo ali yekha m'ndege.

Chiphaso cha Class 2 chili ndi malire a nthawi. Mlingo wa ICAO umati kwa munthu wosafika zaka 40 chisapitirire miyezi 60, kwa wopyola zaka 40 miyezi 24, ndipo umalimbikitsa kuti wopyola zaka 50 aziyezedwa chaka ndi chaka. Tsiku lenileni lothera limalembedwa pa chiphasopo. Likadutsa, laisensi imakhalabe m'thumba koma mwini wake saloledwa kuuluka mpaka atayezedwanso.

Chinanso chofunika kudziwa msanga n'choti si dokotala aliyense amene angayeze. Kalata ya kuchipatala cha boma yoti munthu ali bwino, ngati imene imafunika polowa ntchito kapena sukulu, pano ilibe mphamvu. Amayeza ndi dokotala amene anaphunzira za umoyo wa oyendetsa ndege ndipo anavomerezedwa ndi bungwe lopereka malaisensi. Amalawi ambiri amakaphunzira ku South Africa. Wopita kumeneko amayezedwa ndi dokotala wovomerezedwa ndi bungwe la kumeneko, la SACAA, pakuti chiphaso chimayendera limodzi ndi dziko limene likupereka laisensi.

Maso ndi makutu

Tiyerekeze mtsikana wa ku Kachulu amene anayamba kuvala magalasi ali Fomu 2 chifukwa sankaona bwino pa bolodi. Anzake anamuuza kale kuti za ndege aiwale. Anamunamiza. Dokotala amayeza mmene munthu akuonera atavala magalasi akewo. Pa Class 2, diso lililonse palokha liyenera kufika pa mlingo wa 6/12, ndipo onse awiri pamodzi 6/9. Ayeneranso kutha kuwerenga zilembo zazing'ono pa mtunda wa masentimita 30 mpaka 50, chifukwa m'ndege muli mapu ndi zida zoti aziwerenga. Akafika pamenepo ndi magalasi, chiphaso chimatuluka, chitangolembedwa kuti azivala magalasi pouluka ndi kusunga ena apadera pafupi.

Vuto limene limadzidzimutsa ambiri ndi la mitundu. Pali anthu, makamaka amuna, amene anabadwa osatha kusiyanitsa bwino chofiira ndi chobiriwira, ndipo ambiri a iwo amafika ukulu osadziwa. Pa ndege mitundu imalankhula. Nyale ya ku phiko lamanzere ndi yofiira, ya kumanja ndi yobiriwira, ya kumchira ndi yoyera, ndipo usiku ndi nyale zimenezi zimene zimauza woyendetsa ngati ndege inayo ikubwera kapena ikupita. Wailesi ikafa, a m'nsanja amalankhula naye ndi nyale za mitundu yomweyo. Dokotala amaonetsa munthu buku la timadontho tamitundumitundu mobisika manambala, lotchedwa Ishihara. Wolephera pamenepo sanathere pomwepo: pali mayeso ena achiwiri, ndipo ngakhale amenewo akakanika, mlingo wa ICAO umalola kupereka Class 2 yolembedwa kuti aziuluka masana okha. Chimene chimavuta kwa munthu wotere ndi kupitirira mpaka ku ntchito yolipidwa. N'chifukwa chake amene cholinga chake ndi kudzalembedwa ntchito ndi kampani ya ndege amachita bwino kupempha kuyezedwa pa mlingo wa Class 1 pachiyambi pomwe, banja lisanagulitse munda kapena bwato.

Mayeso a makutu ndi osavuta kuwamvetsa. Munthu amafulatira dokotala pa mtunda wa mamita awiri m'chipinda chachete, ndipo ayenera kumva mawu olankhulidwa mwachizolowezi. Madokotala ambiri amawonjezera makina oyezera kumva. Amasuzumiranso m'kati mwa khutu. Ana ambiri okulira m'madzi amadwala khutu lotuluka mafinya, ndipo ena limawasiyira kabowo pa nembanemba ya m'kati. Kabowo kamodzi kouma sikalepheretsa munthu. Khutu limene likutulukabe mafinya liyenera kuyamba lachira, chifukwa ndege ikamakwera ndi kutsika mpweya umakankha m'makutu, ndipo ululu kapena chizungulire chimene chingabwere pamenepo n'choopsa kwa munthu amene ali yekha pa chiwongolero.

Matenda a kunyanja

Wokulira m'mbali mwa Chilwa n'zovuta kuti akule osadwalapo malungo kapena likodzo. Matenda awiriwa akachizidwa satsekereza munthu. Koma likodzo lili ndi msampha wake. Mkodzo umayezedwa nthawi zonse, ndipo timagazi tosaoneka ndi maso timaonekera pa mayesowo. Dokotala sangasaine asanadziwe gwero la magaziwo, motero munthu amene wayenda ulendo wa ku Blantyre kapena ku Lilongwe, kapenanso Johannesburg, amabwerera chimanjamanja chifukwa cha nthenda yochizika ndi mapiritsi a praziquantel. Mnyamata amene wakhala akuvuula makoka kapena kugona m'zimbowera, timisasa ta asodzi ta pamadzi, ayenera kukayezetsa likodzo kuchipatala chapafupi miyezi ingapo tsiku la mayeso lisanafike.

Malungo ali m'thupi, munthu sauluka mpaka atamaliza mankhwala ndi kupezanso mphamvu. Funso lovutirapo limabwera kwa amene ali mwana anakomokapo ndi kuphupha chifukwa cha kutentha kwa thupi. Pafomu pamakhala funso la kukomoka, ndipo apa ambiri amanjenjemera. Madokotala amasiyanitsa pakati pa kuphupha kwa kamwana kotentha thupi, kumene kunatha mwana atakula, ndi khunyu yeniyeni. Koyambako nthawi zambiri sikulepheretsa. Khunyu yotsimikizika ndi imodzi mwa nthenda zochepa zimene zimatsekadi khomo, ndipo chifukwa chake n'chomveka: munthu akagwa khunyu m'mwamba palibe pambali poimika ndege. Chimene chimathandiza dokotala kusiyanitsa ziwirizi ndi umboni, ndipo umboni wa Mmalawi wamba uli m'kabuku ka kuchipatala kamene mayi anasunga m'chikwama kapena pansi pa mphasa. Kabuku kakale kameneko, ngakhale kothimbirira, kasatayidwe.

Chimodzimodzi amene anavulala m'mutu pa ngozi ya kabaza. Ngati anakomoka kapena anagonekedwa, dokotala amafuna malipoti, ndipo angamuuze kuti adikire nthawi kuti aone ngati sipatuluka vuto lina. Kumeneku ndi kudikiritsa chabe, ndipo nthawiyo ikatha munthu amayezedwanso.

Chifuwa chachikulu chimene chikadali m'thupi chimaimitsa munthu. Chimene chinachizidwa n'kupola chimaloledwa, malinga mapapo akugwira bwino ntchito. Mphumu imayang'anidwa kukula kwake ndi mankhwala amene munthu akugwiritsa ntchito. Mapapo ndi magazi amaunikidwa mosamala chonchi chifukwa kumwamba mpweya ndi wochepa mphamvu. Nyanja ya Chilwa ili pa mamita opitirira pang'ono 600 kuchokera pa mlingo wa nyanja yaikulu, pamene nsonga ya Sapitwa pa phiri la Mulanje ili pa mamita 3,002, ndipo ndi cha pamenepo pamene ngakhale munthu wathanzi amayamba kuchedwa kuganiza ngati alibe mpweya wowonjezera. Wochepa magazi, kapena wa nthenda ya sickle cell, zimamugwira msanga. Amene anangotengera mbali imodzi ya nthendayi kwa kholo limodzi, osadwala nayo, kawirikawiri amaloledwa.

HIV, shuga, BP ndi maganizo

Nkhani ya HIV ndi imene ili ndi mantha ambiri, ndipo mpofunika kuinena mosapsatira. Mlingo wa ICAO sutseka khomo kwa munthu chifukwa chongopezeka ndi kachilombo. Umati munthu wotere aunikidwe bwino, ndipo ngati zaoneka kuti thanzi lake silingasokoneze kuyendetsa ndege, apatsidwe chiphaso. Dokotala amayang'ana kuchuluka kwa kachilombo m'magazi, chitetezo cha m'thupi, ngati munthu anadwalapo matenda olowerera, kaganizidwe kake, ndi mtundu wa mankhwala. Mankhwala a efavirenz, amene Amalawi ambiri ankamwa kale, amadziwika kuti amapatsa ena chizungulire ndi maloto osokoneza, ndipo madokotala a za ndege amachenjera nawo. Kuyambira 2019 dziko lino linasamutsira anthu ambiri ku mankhwala okhala ndi dolutegravir. Wakumwa ma ARV mokhulupirika, amene kachilombo kake kanatsika, ali ndi nkhani yabwino yokauza dokotala, ndipo apite ndi zotsatira zake zonse. Akumbukirenso kuti lamulo la dziko lino la HIV ndi Edzi la 2018 limaletsa kusala munthu chifukwa cha kachilomboka.

Kuthamanga kwa magazi ndi nthenda imene oyendetsa ndege ambiri padziko lapansi ali nayo, ndipo akuulukabe. Chofunika n'choti BP itsike ndi mankhwala ovomerezeka. Ku Ulaya, mwachitsanzo, munthu amaimitsidwa ngati ikumapitirira 160/95 nthawi ndi nthawi. Wopyola zaka 40 amajambulidwanso kagundidwe ka mtima. Shuga wolamulirika ndi zakudya kapena mapiritsi ena amaloledwa. Wobaya insulin, mlingo wa ICAO umamukana, poopa kuti shuga angatsike mwadzidzidzi n'kumukomola, ngakhale mayiko ena monga Canada, Britain ndi United States anakonza njira zapadera zolola anthu otere pansi pa ulonda wokhwima.

Mayi woyembekezera amaimitsidwa kwa kanthawi chabe. Ngati pathupi palibe chovuta, ICAO imalimbikitsa kuti aziloledwa kuuluka kuyambira kumapeto kwa sabata ya 12 mpaka kumapeto kwa sabata ya 26, kenako adikire mpaka atachira ndi kuyezedwanso.

Za maganizo n'zimene anthu amabisa kwambiri, makamaka m'boma la Zomba, kumene dzina la Zomba Mental Hospital ena amalitchula monyoza. Komatu munthu amene anadwalapo matenda a nkhawa kapena kukhumudwa kwambiri, n'kulandira chithandizo n'kukhala bwino, angathe kuloledwa dokotala wamkulu wa bungwe lopereka malaisensi akaunika mbiri yake, nthawi zina ngakhale akumwabe mankhwala. Matenda aakulu osokoneza mutu, ndi ukapolo wa mowa kapena chamba, ndiwo amatseka khomo, ngakhale kuti amene anasiyiratu mowa n'kutsimikizika kwa nthawi yaitali nkhani yake imatha kuunikidwanso. Dziko lonse linaona mtengo wa kubisa pa 24 Marichi 2015, pamene ndege ya Germanwings yochoka ku Barcelona kupita ku Düsseldorf inagwetsedwa dala m'mapiri a ku France ndi wothandizira woyendetsa, Andreas Lubitz, n'kupha anthu onse 150. Ofufuza anapeza kuti madokotala anali atamulembera makalata oti asagwire ntchito, koma iye sanawapereke kwa abwana ake. Phunziro limene akatswiri anatolapo linali loti oyendetsa ndege asamaope kunena akadwala maganizo, chifukwa lamulo longolanga limachulukitsa obisa.

Udindo wa woyezedwa, ndi ufulu wake

Munthu asanayezedwe amadzaza fomu ya mbiri ya thanzi lake n'kusaina kuti wanena zoona. Amafunsidwanso ngati anayezedwapo kwina ndi zimene zinatuluka. Dokotala akapeza bodza, lamulo limamukakamiza kukanena ku bungwe lopereka malaisensi, ndipo mapeto ake angakhale kulandidwa chiphaso ndi laisensi yomwe. Choipa china n'choti nthenda imene ikanaloledwa bwinobwino imasanduka mlandu wa kusakhulupirika, umene umatsata munthu moyo wake wonse wa ntchito. Kukanidwa ndi dokotala mmodzi n'kuthamangira kwa wina osamuuza ndi bodza lomwelo.

Udindo suthera tsiku la mayeso. Mwini chiphaso akadziwa kuti thanzi lake latsika, kaya ndi malungo, opaleshoni, kuvulala, pathupi kapena mankhwala atsopano, ayenera kudziimitsa yekha ndi kufunsa dokotala wa za ndege, ngakhale chiphaso chisanathe. Ngakhale mapiritsi a chimfine ogula pa golosale ena amagonetsa. Mankhwala azitsamba nawonso ndi mankhwala, ndipo ayenera kutchulidwa. Pa za mowa, mayiko ambiri amaletsa kuuluka pasanathe maola 8 chimwereni, ndipo matsire sawerengera maola.

Ku mbali ya ufulu, choyamba ndi chinsinsi. Zimene dokotala wapeza zimapita kwa dokotala wamkulu wa bungwe, ndipo zimasungidwa motetezedwa. Sukulu ya ndege imaona chiphaso ndi malire olembedwapo basi. Chachiwiri ndi kuunikidwa ngati munthu payekha. Malamulo a ICAO ali ndi mpata woti amene sanafike pa mlingo wina apatsidwebe chiphaso, ngati akatswiri agwirizana kuti vuto lakelo silingaike ndege pangozi, poganizira luso lake, ndipo malire oyenera alembedwa pa laisensi. Ndi mpata umenewu umene umalola anthu ena a ulumali, monga oduka mwendo kapena oona ndi diso limodzi, kuyesedwa m'ndege momwe kuti aonetse zimene angathe. Mbiri ili ndi chitsanzo chotchuka cha Douglas Bader wa ku Britain, amene anaduka miyendo yonse iwiri pa ngozi ya ndege mu 1931, n'kudzayendetsanso ndege za nkhondo pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse.

Chachitatu ndi ufulu wodziwa chifukwa. Malamulo aakulu a dziko lino a 1994 amapatsa munthu aliyense ufulu woti ofesi ya boma imuchitire zinthu mwachilungamo, ndi kumupatsa zifukwa zolembedwa pamene chigamulo chake chakhudza ufulu kapena zofuna zake. Wokanidwa asangotuluka ndi mawu apakamwa akuti "simukuyenera". Apemphe kalata yofotokoza chimene chalephereka, afunse ngati ndi kukanidwa kapena kudikiritsidwa, afunsenso mayeso kapena malipoti amene angasinthe chigamulocho. Ndi kalata imeneyo angathe kukaonana ndi katswiri wa maso, mtima kapena ubongo ku Queen Elizabeth Central Hospital kapena ku Kamuzu Central Hospital, n'kupempha bungwe kuti liunikenso. Ngati akuona kuti ofesi yamupondereza, ofesi ya Ombudsman ndi makhoti zilipo.

Pa zonsezi, ndondomeko yanzeru kwa wachinyamata wa ku Kachulu ndi banja lake ndi yosavuta kuitsata, ndipo mbali yake yoyamba ndi yotsika mtengo. Ayambe ndi zimene zingayezedwe pafupi: maso, mitundu, BP, shuga, mkodzo ndi magazi ku Zomba Central Hospital, n'kuchiza zochizika. Asonkhanitse mabuku ake onse a kuchipatala, mayina a mankhwala amene akumwa ndi pepala la magalasi ake. Kenako afunse ku Malawi Civil Aviation Authority, kapena ku bungwe la dziko limene akukaphunzira, mayina a madokotala ovomerezeka ndi mtengo wa mayeso. Makolo ndi onse othandiza pa fizi asatumize ndalama ku sukulu ya ndege iliyonse mwana asanagwire chiphaso cha dokotala m'manja.